Kuledzera Kopanda Mowa

Lolemba, 2 Juni

Andigoneka pa bedi ya pakona, pafupi ndi mpope wodontha. Mayi a kunyumba andigulira kope ili kuti ndizilembamo zimene madokotala akunena, poti akuti nkhani ikadutsa pakamwa panga imatuluka itathiridwa mchere ndi tsabola. Ndizilemba m'mawa. Masana dzanja limanyanyala ntchito.

Ndine mphunzitsi wa bayoloje ku sekondale, ndipo choko ndachidya mpaka imvi. Miyezi yapitayi, akangoyamba maphunziro a masana, chikope chakumanzere chimatsika ngati chitseko cha sitolo yogwa, lilime limalemera, mawu amatulukira m'mphuno, ana ndimawaona awiriawiri, ngati kuti sanali ochuluka kale. Tsiku lina mkono unakana kukwera pabolodi, choko n'kugwa. Ahedi anandipeza nditatsamira khoma la pakhonde. Anati, "Aphunzitsi, dzuwa likadali paliwombo chonchi?"

Andiimitsa ntchito. Mlandu wake ndi kuledzera m'kalasi. Komiti ya sukulu ikumana Lachisanu la sabata yamawa. Akandichotsa, nyumba imene tikukhala ndi ya sukulu, ndiye kuti tituluka ndi mapoto pamutu.

Mowa ndinaulawa kamodzi ku yunivesite. Ndinasanza, tinasiyana mwamtendere.

Lachiwiri, 3 Juni

Dokotala wamkulu amayendera wodi m'mawa, tiyi asanazizire, kumbuyo kwawo kuli mchira wa ophunzira. Odwala anawapatsa kale dzina, Bwana M'mawa. Palibe anawaonapo dzuwa litapendeka. Ena akuti masana amasungunuka.

"Finyani zala zanga." Ndinafinya mpaka anakwinya nkhope. "Kwezani manja. Tsatirani cholembera ichi ndi maso." Anagogoda bondo ndi kanyundo, mwendo unadumpha mwaulemu. Mayeso onse ndinakhoza, tsoka langa.

"Bambowa ali ndi mphamvu kuposa ine," anauza mchira wawo. Mchira unaseka. "Mumamwa mabotolo angati pa tsiku, bambo?"

"A madzi kapena a tiyi?"

"Ayezedwe chiwindi."

Ndinati, "Adokotala, vuto langa limabwera masana." Anayankha ali kale pa bedi ina: "Masana tonse timatopa."

Atenga magazi. Mtima uli bwino, kuthamanga kwa magazi kuli bwino, shuga ali bwino. Sindinaonepo munthu wathanzi wovutika ngati ine.

Masana. Mpunga wandikanika kutafuna. Basi.

Lachitatu, 4 Juni

Woyandikana nane ndi a Dalaivala, a basi, odwala shuga. Minyewa ya kumapazi kwawo inafa pang'onopang'ono kuyambira kuzala, moti anayenda tsiku lathunthu ndi msomali mu nsapato osamva kanthu. Chilonda chake ndi chimene chawagoneka. Akuti buleki ankaiponda mwa chikhulupiriro. Ndawafotokozera kuti selo la minyewa lopita kuphazi ndi lalitali kuposa onse, limodzi lomwelo kuchokera kumsana mpaka kuchala, ndiye zinthu zikayamba kuvuta, amayamba kumanidwa ndi amene ali kutali ndi likulu. Anati, "Zimenezo ndiye sizachilendo, aphunzitsi."

Dzulo masana anandiyang'ana nthawi yaitali, diso langa litatsika, chibwano nditachigwiriza ndi dzanja. Kenako ananong'ona: "Achimwene, kumene mukubisako tiuzeniko. Nafenso kukhosi kwauma."

Mayi abwera ndi nthochi ndi buledi wonyika mu mkaka. Ndinawauza za a Dalaivala kuti aseke. Sanaseke.

"Mwadziputira nokha, bambo. Zaka zonsezi mu sitafurumu mumayeserera adepute akabwera ndi matsire. Diso limodzi kutsinzina, mawu a m'mphuno. Anthu mpaka kugwa pamipando. Lero mukuti akukhulupirireni?"

N'zoona. Tsiku loyamba chikope chitatsika chokha, anzanga anaomba m'manja. Wa masamu anati ndafikapo. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga wanditsata mpaka wandigwira pachikope. Koma adepute amamwadi, ndipo ali pantchito.

Lachisanu, 6 Juni

Dzulo sindinalembe. Kunachitika zinthu.

Masana kunabwera dokotala wamng'ono, mayi wa magalasi, kudzaona chilonda cha a Dalaivala. Potembenuka anandiona, n'kuima. "Bambo, si inu munatsala pang'ono kuthyola zala za abwana?" Ndinayankha, koma chimene chinatuluka ngakhale ine sindinachimve. Anandiuza ndiyang'ane kudenga osaphethira. Zikope zinatsika zokha iye akuona. Anapita, n'kubwera ndi madzi oundana m'kajumbo, n'kundiika pachikope kwa kanthawi. Atachotsa, diso linatseguka gwa, ngati la mwana woona alendo. A Dalaivala anati, "Ha! Matsire amathadi ndi madzi ozizira."

Dzina la matendawa akuti mayasiteniya. Ndilembe mmene zilili, poti nkhani ya minyewa ndaijambula pabolodi chaka ndi chaka osadziwa kuti ndikujambula chikope changa.

Lamulo lochokera ku ubongo limathamanga mu mnyewa ngati magetsi. Koma kumapeto limapeza kampata, chifukwa mnyewa ndi mnofu sizigundana, ngati ahedi ndi ife aphunzitsi wamba. Ndiye mnyewa umatulutsa amithenga, dzina lawo asetilokolini, kuti awoloke kampatako akagogode pa zitseko za mnofu. Zitseko zokwanira zikatseguka, mnofu umakokeka. Pampatapo pali wosesa, amene amachotsa amithenga akangogogoda, kuopa kuti mnofu ungakokeke osalekeza. Kwa ine, asilikali a m'thupi langa lomwe, amene ndimawadyetsa katatu pa tsiku, akhomerera zitseko zambiri, zina aziphwanya. Ndikagona n'kupumula, amithenga amatuluka chigulu, ndipo ena amapeza polowera. Ndikagwiritsa ntchito mnofu kwa nthawi, gulu limachepa. Likulu likulamula bwinobwino, pansi palibe akumva. Kuzizira kumachititsa ulesi wosesa uja, n'chifukwa chake diso linatseguka.

Wandiyambitsa mankhwala oyesera, piridositigimini, piritsi limodzi la mamiligalamu 60, kanayi pa tsiku. Ntchito yake ndi kumanga manja wosesa kuti amithenga akhalitse pakhomo. Zitseko sakonza ayi. Amangochulukitsa ogogoda. Maofesi ambiri amayenda choncho.

Ndinamwa, ndipo pasanathe ola ndinatafuna nyama. Ndinalira pang'ono. A Dalaivala anayang'ana kukhoma.

Loweruka, 7 Juni

Piritsi limagwira pakapita theka la ola, limatha mphamvu pakapita maola atatu kapena anayi. Koma silisankha. Amithenga omwewo amalamulanso matumbo ndi malovu, ndiye m'mimba mukupotokola, kuchimbudzi ndikupitako ngati ndinaiwalako kanthu, ndipo pilo wanyowa. Komabe ndikulemba izi masana. Masana!

Lolemba, 9 Juni

Bwana M'mawa afika. Wa magalasi anafotokoza zonse mwaulemu, manja kumbuyo. Iwo anandifinyitsanso zala.

"Matenda amenewo ndawaonapo kawiri moyo wanga wonse," anatero. "Zidakwa ndimaziona tsiku lililonse."

"Chiwindi chawo chilibe vuto, abwana."

"Zina zimachedwa kuoneka."

Ndinapempha chikalata chopita kukomiti. Chikalata chotere chimafuna chidindo, ndipo chidindo chimagona m'thumba la Bwana M'mawa. Akuti sadinda kanthu magazi otumizidwa kutali asanabwere, ndipo amenewo amatenga masabata. Ndinati, "Ndiye bwerani masana amodzi okha, mankhwala asanalowe, mudzaone nokha."

Mchira wonse unayang'ana pansi, ngati ndatukwana m'tchalitchi. Iwo anamwetulira. "Mukuoneka bwino kwambiri, bambo. Pitirizani."

Asisita a pawodi andinong'oneza kuti masana abwana amakhala kwina, kumene odwala ake amadikira pa mipando ya khushoni.

Ndiye zili chonchi. Amene ali ndi chidindo amandiona m'mawa. Amene ali ndi ntchito yanga anandiona masana. Akanangosinthana nthawi, bwenzi ndili m'kalasi.

Lachiwiri, 10 Juni

Mayi abwera ndi uthenga. Ahedi ndi atcheya a komiti adzabwera Lachinayi pa nthawi yoona odwala ya masana, akuti kudzazonda. Kudzazonda wodwala kapena kudzazonda ngati akazitape, Mulungu ndiye adziwa.

Anandisendera lalanje osandiyang'ana. "Mlamu wanu akuti kuli chipinda kuseri kwa nyumba yake, zikavuta."

"Chija amasungiramo matayala?"

"Akuti awachotsa."

"Mayi, inu mukukhulupirira kuti sindimwa?"

"Ndagona nanu nyumba imodzi zaka zonsezi, bambo. Botolo ndikanaliona. Koma ine si komiti." Anapukuta mpeni pansalu. "Dzulo pampope mkazi wa adepute anandipepesa. Mkazi wa adepute! Akuti amadziwa mmene zimawawira."

Lachitatu, 11 Juni

Wa magalasi mawa kulibe, amutumiza ku wodi ya ana. Wanena kuti alemba kapepala kofotokoza, koma popanda chidindo ndi kapepala basi. Ndinamufunsa kuti munthu atadumphitsa piritsi chingachitike n'chiyani. Anavula magalasi.

"Aphunzitsi, musayerekeze. Minofu yomezera ndi yopumira imadalira zitseko zomwezo. Si chikope chokha."

Ndinati ndimangofunsa, mwa maphunziro.

Atachoka, a Dalaivala anadzuka n'kukhala tsonga. "Mawa akakupezani chonchi, maso ali gwa, mukutafuna nyama, adzati bwanji?"

"Adzati mowa wachoka m'thupi, chipatala chandithandiza."

"Eyatu. Basi yanga inali ndi khalidwe lomwelo. Pamsewu kuzima, kwa makanika kulira ngati yatsopano. Makanika ankati ndine waulesi. Nzeru yake, achimwene, ndi kumuitana pamene yafera, aione ili chigonere."

Ndaganiza tsiku lonse. Ndikamwa mankhwala, ndine chidakwa chimene chasiya. Ndikapanda kumwa, aona okha kuti munthu ali m'chipatala, sabata yachiwiri, pakhomo pali mlonda, mowa sungalowe, koma diso latsika chimodzimodzi. Umenewo ndi umboni. Ndi mmene timayesera zinthu mu sayansi: chotsa chimodzi, ona chotsala. Ngakhale mwana wa fomu wani angamvetse.

Lachinayi, 12 Juni

Piritsi la m'mawa ndamwa. La pakati pa m'mawa ndi la masana ndiwaika pansi pa lilime, kenako m'makoko a lalanje. Mayi sakudziwa.

Lachitatu, 18 Juni

Chipinda china. Paipi m'mphuno. Dzanja lofooka.

Lachisanu, 20 Juni

Andibwezera pakona panga. Mpope ukudonthabe. Ndilembe za Lachinayi lija ndisanayambe kuzithira mchere.

Anafika atavala masuti, ahedi patsogolo, atcheya pambuyo atanyamula jumbo ya maapozi. Mayi anawapatsa mpando. Apo n'kuti zikope zonse ziwiri zitatsika, mutu ukugwera pachifuwa, chibwano chili m'dzanja. Ndinakweza chikope ndi chala kuti ndiwaone. Anali anayi.

Ndinali nditakonza mawu abwino kwambiri, a amithenga, zitseko ndi wosesa. Ndinatsegula pakamwa. Chinatuluka ndi phala lodzera m'mphuno. Ndinayesa kumwetulira, koma minofu ya m'mbali mwa milomo inakana, mlomo wam'mwamba wokha n'kukwera.

"Akutinyogodolatu awa," anatero atcheya.

Ahedi anatenga botolo langa la madzi pakabati, n'kulitsegula, n'kununkhiza. Analipereka kwa atcheya, nawonso ananunkhiza.

"Masiku ano ulipo wosanunkha," anatero atcheya.

Ahedi anatembenukira kwa mkazi wanga. "Mayi, tiuzeni zoona. Ndinu mukuwabweretsera?"

Mayi anangoima, mbale ili m'manja. Nkhope imene anapanga sindinaionepo, ndipo sindikufuna kudzaionanso. Ndinalanda botololo kuti ndimwe pamaso pawo, kenako ndiwapatse alawe. Ndinaiwala zimene ndinauzidwa. Madzi ena anatulukira m'mphuno, ena analowera njira ya mpweya. Ndinatsamwa, ndipo mphamvu yokhosomolera inalibe.

"Mpaka m'chipatala," anatero ahedi, akusuntha nsapato kuti zisanyowe.

A Dalaivala anafuna kundipulumutsa. Anakuwa wodi yonse kumva: "Abwana, ndi matenda amenewa! Mankhwala abisa dala m'makoko umo kuti inu muone!"

Ahedi anasuzumira m'makokomo, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapeza yankho la samu yovuta. "Ndiye kuti ndi sewero. Atcheya, awatu ndi katswiri. Sitafurumu yonse imawadziwa."

Maapozi anabwerera nawo. Zimenezi ndinaziona ndi diso limodzi, asisita akuthamanga ndi mpweya.

Zotsatira ndauzidwa ndi wa magalasi. Madzi aja anayambitsa chibayo, chibayo chinakwiyitsa asilikali, minofu yopumira inayamba kugona. Anandiika pa makina opumira. Maantibayotiki a m'dilipi, osankhidwa mosamala chifukwa ena amatsekereza amithenga omwewo. Dilipi ina ya masiku asanu yosokoneza asilikali opandukawo. Tsopano awonjezera puredinisoloni, woti awakhazike pansi, kuyamba pang'ono n'kumakweza. Akuti nditupa nkhope ndipo ndizidya ngati dzombe.

Wa magalasi sanandikalipire. Anangoti, "Mwa maphunziro, eti?" Bola akanandimenya.

Loweruka, 21 Juni

Nkhani yabwino: Lachisanu lija, ine ndili pa makina, Bwana M'mawa anaitanidwa ndipo anabwera masana. Asisita akuti odwala ena anadzuka kudzaonerera. Anandiona, anakhulupirira, anadinda. Chikalata chokongola, dzina la matenda m'zilembo zikuluzikulu.

Komiti inali itakumana m'mawa wa tsiku lomwelo.

Mayi anapita nacho Lolemba ku ofesi ya ahedi. Akuti anawalandira bwino, anachiwerenga mpaka pansi, n'kunena kuti, "Mapepala a madokotala timawalemekeza, mayi. Koma ife tinaona ndi maso athu, anthu awiri. Ngati sunali mowa linali sewero, ndipo zonse ziwiri sizoyenera mphunzitsi. Nkhani yapita kale kumtunda." Akuti tikhoza kudandaula kumtundako. Ndikukudziwa kumtunda. Uthenga umapita, koma zitseko zake anakhomerera kalekale, ndipo piritsi lake kulibe.

Makalasi anga apatsidwa kwa adepute mongogwirizira. Mutu umene ndinasiyira ndi wa minyewa.

Lamulungu, 22 Juni

Mayi abwera mochedwa, manja ali ndi fumbi la makatoni. Nyumba tituluke mwezi ukamatha. Mlamu wachotsa matayala, fungo latsala.

Anakhala pampando osatsegula chakudya. "Munandisiya bwanji kuti ndiime pamenepo osadziwa kanthu?"

"Mukanandiletsa."

"Eya, ndikanakuletsani." Kenako anati, "Anandifunsa ngati ndine ndimakubweretserani, bambo. Ine. Pamaso pa wodi yonse."

Ndinafuna kunena kanthu koseketsa. Mankhwala anali akugwira, lilime linali lopepuka, mawu onse analipo. Sindinapeze.

A Dalaivala atuluka mawa, chala chimodzi chatsala kuno. Chiyambire tsiku lija amandipatsa dzira lawo la m'mawa osalankhula. Lero anati, "Achimwene, basi ija makanika ataiona itafa, anati ndaipha dala. Mbali imeneyo ndinaiwala kukuuzani."

Lachiwiri, 24 Juni

Magazi a kutali abwera. Asilikali opanduka apezeka, ochuluka. Bwana M'mawa anandigwira paphewa ngati ndawina mpikisano. Tsopano amandikonda. Amanditchula kuti wodwala wanga.

"Aphunzitsi, ndili ndi pempho. Ophunzirawa mwina sadzaonanso matenda amenewa. Mawa ndibwera nawo masana. Asisita achedwetsa piritsi lanu pang'ono chabe, ife tili pomwepo, kuti aone mmene zimakhalira."

Ndinayang'ana wa magalasi. Anali akuwerenga denga.

Ndinati, "Ndiye kuti kudumphitsa piritsi kuti anthu aone ndi kololedwa?"

"Kukakhala kwa maphunziro," anatero.

Lachinayi, 26 Juni

Dzulo ndinabwerera m'kalasi.

Anabwera masana, mchira wautali kuposa kale, ena ochokera ku mawodi ena. Anazungulira bedi ndi makope m'manja. Ine pakati, zikope pansi, chibwano m'dzanja. Mayi anali pakona ndi mbale yawo, palibe anawapempha kuti atuluke, palibenso anawapatsa moni.

Bwana M'mawa anafunsa chimene chimachitika pakati pa mnyewa ndi mnofu. Mnyamata wina wamtali anayamba bwino, kenako anasokoneza wosesa ndi zitseko. Zaka zonse zija za choko zinandikwera kukhosi. Ndinakweza chala, n'kuyamba kumukonza. Mawu atatu oyamba anamveka. Otsatira anathawira m'mphuno.

"Mwamva?" anatero abwana mokondwa. "Mvetserani bwino mawuwo. Taonani diso, taonani mlomo. Munthu wosadziwa akhoza kunena kuti bambowa aledzera."

Anaseka onse, kuseka kwenikweni, kogwira pamimba, kuposa kwa mu sitafurumu. Moyo wanga wonse ndakhala ndikusakasaka kuseka kotere.

Kenako anaika madzi oundana pachikope, diso linatseguka, ndipo ndinaona bwinobwino: ana akulemba m'makope, ndi mkazi wanga akutuluka pakhomo, mbale ataisiya pampando.

Piritsi linabwera iwo atapita. Ndinameza.